Mutu wadongo umene ndinakukanizani

Achemwali, lero chakwana chaka chimwalirireni inu. Mapazi andipititsanso kunyumba yosungira zinthu zakale ija, kumene tinabisala mvula pochokera kuchipatala. Timitu tadongo tija tikadali m'kabati yagalasi momwemo. Inu ndi amene munandiwerengera kapepala kaja, koti anthu akale a ku Italy ndi ku Greece ankaumba mutu n'kukausiya kukachisi popempha milungu yawo kuti iwachiritse. Munaseka mutagwira pachipumi, n'kuti, "Iwe, amayi sanatiphunzitse kuumba mbiya? Undiumbire wanga, ukausiye kutchalitchi Lamulungu." Ine ndinakalipa kuti, "Amenewo ndi mafano, achemwali! Mukufuna akulu a mpingo atidule?" Tonse tinkati ndi mutu waching'alang'ala chabe, osadziwa kuti chotupa chikukula.

Dongo ndinagula mwezi watha. Kaya ndi mafano, kaya n'chiyani, andidule basi. Ndaumba mitu isanu patebulo lanu lija kuno kutsidya kwa nyanja, ku Maryhill, koma palibe wofanana nanu. Mphuno ndaipeza, mpata wa mano ndaupeza, koma makutu anu andisowa. Pazithunzi zonse mwamanga duku. Ine amene ndinkakulukani tsitsi kuyambira tili ana, ndingaiwale bwanji makutu anu? Mawa ndidzaiwalanso chiyani? Sindikupemphanso machiritso, nthawi yake inapita. Chonde achemwali, bwerani kamodzi kokha, mukhale pampando apa, muvule duku. Musagwedezeke mpaka nditamaliza.