Galimoto Yokana Kulira Lachinayi

Galimoto ya abwana inkakana kulira Lachinayi lokha, ndipo Lachinayi ndilo linali tsiku langa lopuma.

Munali m'zaka zoyambirira za m'ma 1980. Ndinkagwira ntchito ya m'dimba kwa mzungu wina kumpoto kwa Joni, n'kumagona m'kachipinda kakuseri kwa galaja. Pasi yanga, chikalata chondilola kukhala ku Joni, inkadalira siginecha yake. Akanaleka kusaina, apolisi akanandibweza kumudzi chimanjamanja.

Galimotoyo inali yakale, ya ku Mangalande, yobiriwira, ya mipando iwiri ndi denga la tenti. Masiku ena onse inkalira kamodzin'kamodzi. Lachinayi sitata inkazungulira mpaka batire kufooka, injini osagwira. Madzulo ndikabwera kocheza ndi anzanga ku Hillbrow, abwana ankandiponyera kiyi. Ndinkatenga kansalu m'buti, kupukuta m'manja, kukhala pampando, kupotokola kiyi. Inkalira ngati sinakanepo.

Anasintha mapulagi. Anagula batire yatsopano. Zitakanika, anayamba kuyang'ana ine. Tsiku lina ndinapeza kaulusi kakuda atakamata pakati pa boneti ndi thupi la galimoto. Pamatayala panali timizere ta choko.

"Umaichita chiyani Lachitatu?" anandifunsa.

"Ndimaitsuka basi, bwana."

"Ukufuna ndizione kuti popanda iwe sindingayende? Lachinayi likubwerali ikakananso, upakire."

Inenso ndinali ndi wanga womukayikira. Mayi wophika, Mzulu, anali atanenapo kawiri kuti mwana wa mchemwali wake akufuna ntchito ya m'dimba. Ndinali nditatha kale sabata yathunthu ndikumuzonda akamapita kukayanika zovala pafupi ndi galaja. Sanakhudze ngakhale chitseko.

Ku Blantyre ndinagwirapo ntchito yofufuza zolakwika m'nyuzipepala isanasindikizidwe, ndipo chizolowezi cholemba zinthu sichinandichoke. Ndinali ndi kabuku. Galimotoyo inali itakana kasanu ndi kamodzi. Kawiri kunali mvula, kanayi kunalibe. Nthawi zina thanki inali yodzaza, nthawi zina theka. Chofanana chinali tsiku lokha.

Lamlungu masana ndinakwera basi kupita ku Jeppestown, kwa abambo ena a ku Dedza amene atasiya mgodi anatsegula kagalaja pakati pa mahositelo ogona anthu apantchito. Ndinawapeza ali pansi pa lole, kukuoneka mapazi okha. Ndinayamba kuwawerengera za m'kabukumo.

"Mphwanga, usandiwerengere nyuzipepala," anatero ali pansi pomwepo. "Tandiuza zimene umachita m'mawa bwana wakoyo asananyamuke. Chimodzichimodzi."

"Ndimatsegula geti. Ndimapukuta magalasi. Ndimaika chikwama chawo m'buti, n'kutseka."

"Umatseka bwanji?"

"Loko wake ngolimba. Ndimachita kumenyetsa."

"Nanga Lachinayi chikwamacho amaika ndani?"

"Amangochiponya pampando."

Anatuluka pansi pa lole akuseka mpaka kutsokomola. "Ndiye mzungu sakunama. Mfiti ndiwe!"

"Abambo, ntchito yanga ikutha, inu mukuseka?"

"Ikona, ayi, siikutha. Tamvera. Pampu ya petulo ya galimoto zimenezo ili kumbuyo, pansi pa buti. Imayendera magetsi. M'kati mwake muli titsulo tiwiri togundana. Tikakalamba timakakamira, makamaka galimoto ikagona. Iwe ukamenyetsa buti umatidzutsa. Mawa upotokole kiyi pang'ono, usalize, ungotchera khutu. Pampu yamoyo imati ti-ti-ti. Ikakhala chete, petulo sakubwera."

Lolemba m'mawa ndinaima pambali pa galimoto chikwama chili m'manja, buti osalikhudza. Ndinapempha abwana kuti apotokole kiyi okha ndi kumvetsera. Kunali zii. Anayesa sitata katatu, osagwira. Linali Lolemba, ine ndili pomwepo, ndipo inakana. Ndinagwada pafupi ndi tayala lakumbuyo, n'kugogoda pampuyo kamodzi ndi sipanala. Ti-ti-ti-ti. Anapotokolanso, injini inalira.

Ndinkayembekeza kuti aseka. Anazimitsa injini, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Wadziwa bwanji pogogoda?"

"Anandiuza makaniko wa ku Jeppestown, bwana."

"Ndiwe wa m'dimba kapena makaniko? Uli ndi anzako ambiri odziwa za galimoto yanga?"

Mayi wophika anali pawindo la khitchini, mbale ili m'manja, akumvetsera zonse.

Abwana anaimbira foni kugalaja yawo ya m'tauni, koma za ine sanatchule. Anangoti akuganiza kuti ndi pampu. Madzulo ake ndinaona kaulusi katsopano, ulendo uno pa buti. Pasi yanga inali pathebulo lawo, yosasaina. Anati pampu yatsopano aiika Lachitatu, kiyi asunga okha, ndipo Lachinayi ine ndichoke pakhomopo dzuwa lisanatuluke monga mwa masiku onse opuma. Lachinayi m'mawa adzayesa okha. Ikalira, asaina.