Bulangeti la Amelia pa Khonde la Chipatala

Nomatter kukankha odwala ndinamuphunzitsa ndine. Ndinamuika mu wilibala ali khanda, n'kuthamanga naye kuchokera ku Raffingora mpaka ku Mutorashanga, mkaka osatayika m'kamwa. Chabwino, limenelo ndi bodza. Pa pulazi pathu wilibala inali imodzi, ndipo kapitawo ankaikonda kuposa mkazi wake.

Zoona zake ndi izi. Nomatter ndi mwana wa mlongo wanga Amelia. Anabadwira m'komboni momwe makolo athu anafikira atachoka ku Malawi kudzalima fodya. Mu shedi yosankhira fodya ndiye ankamaliza mugwazo, ntchito yopimidwa ya tsikulo, pambuyo pa aliyense, chifukwa tsamba lililonse ankalinyamula ngati dzira. Tinkamuseka kuti akadzakwatiwa adzafika ku tchalitchi alendo atabereka kale ana. Kenako anaphunzira zothandiza manesi, n'kulembedwa pa chipatala cha boma. Ntchito yake yaikulu ndi kusuntha anthu amene sangadzisunthe okha.

Tsiku lina ndinamunena kuti amalipidwa poyendetsa bedi. Sanaseke.

"Malume, m'wodi munthu amakhala ndi khoma," anatero. "Mpweya uli pakhoma, magetsi pakhoma, manesi pafupi. Mukamuchotsa pamenepo, moyo wake wonse uli pa mawilo anayi."

N'chifukwa chake sanyamuka asanaone ngati silinda ya mpweya yadzaza. Amayamba wayenda yekha njira yonse, kukafunsa ngati kumene akupitako atsegula chitseko.

M'nyengo yozizira yapitayi, ngolo ya thirakitala inapanikiza bambo ake, alamu anga a Yohane, pachifuwa. Madokotala anati magazi akutayikira m'kati, apite ku opaleshoni. Chipinda cha opaleshoni chili m'nyumba ina, ndipo pakati pali khonde lalitali lopanda khoma, lomwe mphepo yake ingathe kumeta mbuzi. Antchito anali ochepa tsiku limenelo. Sisita Maidei, nesi wamkulu wa wodiyo, anagwira kumutu, Nomatter kumiyendo, ine anandipatsa kangolo ka silinda.

"Manja onse awiri, malume. Ndipo pakamwa potseka."

Titangotuluka, Amelia anabwera akuthamanga ndi bulangeti lalikulu la kunyumba. Kwathu ku komboni wodwala sitimuonetsa mphepo, sitimuonetsanso maso a anthu. Analiponya pa mwamuna wake, kuyambira kumapazi mpaka kumutu, n'kulipisira m'mbali ndi chikondi chonse. Anthu amene anakhala pa mabenchi anayamba kuvula zipewa, kuganiza kuti tikudutsa ndi maliro.

"Imani!" anakuwa Nomatter.

Anakoka bulangetilo n'kuliponya pansi. Kapaipi ka mpweya kanali katazuka pa chophimba kumphuno, kakungofwenthera m'bulangeti. Milomo ya a Yohane inali itayamba kutuwa. Sisita Maidei anakalumikiza msanga, ndipo tinaima pomwepo pamphepo kudikira kuti chifuwa chiyambenso kukwera bwino.

"Iwe mwana," anatero Amelia, "ukuvula bambo ako pagulu?"

"Ndikufuna ndiziona chifuwa chawo, amayi. Chomwe sindikuchiona sindingachisamale."

Tinapitirira pang'onopang'ono, maso ake osachoka pankhope ya bambo ake. A Yohane analowa pa chitseko cha ku opaleshoni akupuma. Koma bala linali lalikulu, ndipo sanatulukemo amoyo.

Pa maliro Amelia sanamuyankhule mwana wake. Ankauza amayi a ku tchalitchi kuti mwamuna wake anafa ndi chisanu cha pakhonde. Sisita Maidei anabwera kudzapepesa, n'kufotokoza kuti sizinali choncho, koma mtima wa namfedwa sumva zachipatala.

Titaika, ndinamupeza Nomatter kuseri kwa mabani oumitsiramo fodya, atakhala pa mulu wa nkhuni.

"Malume, mwina ndinachedwetsa poima paja?"

Ine ndimayankha ngakhale tambala akalira. Ndiye ndinachita chimene ndimadziwa.

"Mphwanga, pali chinthu sindinakuuze. Utachotsa bulangeti lija, bambo ako anandigwira dzanja, kulifinya mpaka mafupa kulira. Anati, 'Alamu, mwana ameneyu akundiyendetsa ngati mfumu. Mukamuuze kuti wachita bwino.'"

Anandiyang'ana. Maso ake anali ofiira, koma m'mphepete mwa mlomo munagwedera pang'ono.

"Malume, manja anu onse awiri anali pa silinda. Ndinkakuyang'anirani ndine. Ndipo adadi chibadwire sanakuitanenipo kuti alamu, ankati Wabodza uja."

Anasuntha pa nkhunipo kundisiyira malo.

"Khalani apa. Nenaninso."