Kudikira Kuti Bokosi Lidzaze

Nkhani iyi sindinauzepo munthu, ngakhale mkazi wanga.

Kale ndinali mesenjala pachipatala china kuno ku Neno. Adokotala akadula kanyama pa chotupa cha wodwala, ankakaika m'kabotolo ka mankhwala, ine n'kupita nako ku labu ku Blantyre. Msewu unali woipa, ndiye ndinkadikira kuti bokosi lonyamulira timabotolo lidzaze kaye. Kuwerenga sindinkadziwa, koma ndinkabisa.

Tsiku lina kunabwera kabotolo ka mayi wina wa ku Magaleta, pepala lake lili ndi mawu ofiira pamwamba. Ndinachita manyazi kufunsa. Kanakhala pashelefu milungu itatu. Pamene zotsatira zinkabwera, mayiyo anali atafooka kale, ndipo chimanga chake chaka chimenecho anakolola ndi ena. Sukulu ya kwacha ndinalowa imvi zitayamba. Ndinawalembera aphunzitsi mawu aja, poti maonekedwe ake sanachoke m'mutu mwanga. Anati amatanthauza kuti musachedwe.

Chaka chatha mkazi wanga anapeza kachotupa m'bere. Kuchipatala adokotala sanadule, anangobaya kasingano. Mayi wa mu labu, wochokera kumpoto, anapaka zotulukazo pa tigalasi, n'kutiviika m'mankhwala amitundu, n'kutiumitsa ndi kafani. Ine ndinangoima pakhomo ngati mlonda.

"Kodi bokosi lanu lidzaza liti?" ndinafunsa.

"Bokosi lanji, abambo?" Anaseka. "Tabwerani muone."

Anandisuzumiritsa pa makina awo oonera. Ndinaona timadontho tokongola ngati maluwa a mbatata, osakhulupirira kuti tachokera m'thupi la mkazi wanga. Mayiyo anatijambula ndi foni n'kutumiza kwa katswiri ku Blantyre, ine ndikuona.

"Asiyeni agwire ntchito," anatero mkazi wanga. "Amuna awa, amayi, ngakhale nyemba zili pamoto amaziimirira kuti zipse msanga."

Sadziwa chimene chinandisandutsa wotero. Amangoti ndi chibadwa, ndipo wachipirira zaka zonsezi.

Tsiku lachitatu anatiitana. Inali khansa, koma yongoyamba kumene, ndipo anatipatsa kalata yoti tipite ku Blantyre. Tsiku lolembedwa pakalatayo ndinaliwerenga ndekha kawiri, chala chili pamzere. Mkazi wanga anangoti, "Mukandigulire malalanje, a kuchipatala amakhala owawasa."

M'mawa mwake pasiteji ya pa Boma tinapeza minibasi ili ndi anthu anayi okha. Kondakitala anati tidikire idzaze. Ndinamukhazika mkazi wanga pampando wa pawindo, n'kumusungitsa kalata ija ndi jekete langa, ine n'kukaima pamsewu.

"Blantyre, Blantyre! Malo alipo!"

"Abambo, mukundichititsa manyazi," anatero ali pawindo, chitenje chili pakamwa, mapewa akugwedezeka ndi phwete.

Ndinanyamulira mayi wina thumba la mbatatesi, ndinathamangira mphunzitsi amene ankati adikira ina. Ndinaitanira mpaka mawu anasasa. Utatsala mpando umodzi, ndinakhalapo ndekha n'kuuza kondakitala kuti atseke chitseko.