Mayi Mzere ndi Pampu Yobwereka

Kumalo ochapira zovala komwe amagwira ntchito, anzake amamuitana kuti Mayi Mzere. Dzinali linabwera ndi simbi: thalauzi likadutsa m'manja mwake limatuluka ndi mzere woti munthu angadzicheke nawo. Ndi mkazi wosasiya chinthu panjira. Akamaliza kusita amayamba wapukuta tebulo, kukulunga chingwe cha simbi, kupachika kansalu konyowetsera, ndiye n'kumva zomwe mukunena. Ngakhale abwana amadikira. Khalidweli linamupatsa ulemu kuntchito, koma atabereka mwana wake woyamba linatsala pang'ono kumupengetsa.

Vuto linali nsonga za mabere ake. Mkaka unalipo, mabere kuchita kulimba gwa, koma nsongazo zinali zosatuluka, zongofanana ndi bere lonse. Kamwana kake kankayasamula, kufunafuna pogwira, kuterereka, kenako kulira mpaka kusasa mawu. Kuchipatala, namwino atakaika pa sikelo anapukusa mutu.

"Mwanayu akutsika, mayi. Muziyamba mwapopa pang'ono ndi pampu yokamira mkaka, nsonga ikatuluka n'kumuika kubere. Akapanda kukwera ulendo wamawa, tidzamugoneka."

Pampu anakabwereka kwa mlamu wake, mkazi wa achimwene ake. Inali yopopa ndi dzanja, yokhala ndi kafanulo kovundikira pabere ndi kabotolo kunsi. Mlamuyo nayenso anali woyembekezera, masiku atayandikira, moti popereka anachita kubwereza kawiri kuti, "Ndikangochira ndiifuna, alamu."

Malangizo anawatsata, palibe angamunamizire. Ankadzitsekera kuchipinda, kukhala m'mphepete mwa bedi, n'kumafinya chogwirira ndi dzanja lake lozolowera kulimbana ndi majinzi. Nsonga inkatuluka ndithu, iye akuiona mkati mwa kafanulo. Ikatero ankamasula pampu, kuthira timkaka m'kapu, kupita kusinki, kutsuka chidutswa chilichonse ndi madzi otentha, kuziyala pansalu yoyera, kusamba m'manja. Pomadzanyamula mwana, nsonga ija inali itabwerera kwawo kalekale. Mapeto ake ankamumwetsa ndi kasupuni, mkaka wina ukuyenderera m'khosi. Palibe anaona cholakwika. Angachione ndani, chitseko chili chotseka, panja pakungooneka ziwiya zowala?

Alangizi okha sanasowe. Apongozi anati kale kunalibe mapampu koma ana ankakula, azingozikoka nsongazo posamba. Anakoka, n'kungodzipatsa zilonda. Mayi woyandikana nawo nyumba anati vuto ndi kamisolo wothina. Anavula, osasintha kanthu. Amuna ake, dalaivala wa galimoto yoperekera buledi, munthu wa mtima wabwino koma wosadziwa nthawi yokhala chete, anaitembenuza pampuyo uku ndi uku.

"Kapena ikupuma penapake iyi, amayi ake mwana? Ndiimasule ndione?"

"Mukuyesa tayala limeneli? Mwana wanu akufota, inu mukuganiza za sipanala!"

Chinkamuwawa kwambiri n'chakuti iye, munthu wowongola zovala za anthu osawadziwa n'komwe, akulephera kuwongola kanthu kakang'ono pathupi pake pomwe. Ankalira kubafa atatsegula mpope kuti asamveke. Anakwiyira pampu, anakwiyira namwino, anakwiyira amayi ake omubereka, ndipo nthawi zina ankakwiyira ngakhale mwanayo, kenako n'kuchita manyazi mpaka chakudya kumukanika.

Kutatsala tsiku limodzi kuti abwerere kusikelo, foni inalira m'mawa: mlamu wachira, achimwene abwera masana kudzatenga pampu. Mayi Mzere anayamikira ndi pakamwa, mtima uli kwina. Anati apope komaliza, aitsuke bwinobwino, aikulunge. Koma achimwenewo, chisangalalo chitawakwera m'mutu, anafika dzuwa lisanakwere n'komwe. Anamupeza ali mkati mopopa, mwana akulira m'manja mwa bambo ake.

"Achemwali, ndili pachangu!" anakuwa ali pakhomo. "Galimoto ndaimika pakati pa msewu!"

"Dikirani nditsuke!"

"Akatsuka komweko!"

Amuna ake, pofuna kuthetsa phokoso, anakankha chitseko cha kuchipinda, chinthu chomwe sankayerekeza nthawi yopopa. Anamukhazika mwana pamiyendo kuti manja apeze mpata, n'kumulanda pampu ikudontha, n'kutuluka nayo. Mayi Mzere anaona mkaka ukugwera pachofunda chomwe anasita dzulo lake. Anatsegula pakamwa kuti awalalatire zoti mpaka anthu a mumsewu amve.

Asanayambe n'komwe, anamva kukoka pabere lomwe pampu inangochokapo. Mwana anali atagwira.

Anagwira zenizeni, kukamwa kuli yasa, masaya akukoka, kummero kukumveka kumeza. Ululu unathamanga kuchokera m'zilonda zija mpaka kumsana, koma mayiyo sanasunthe ngakhale chala. Anayang'ana nsonga ya bere linalo, yomwe anaipopa poyamba n'kuisiya: inali itabwerera kale. Anayang'ana kusinki kudzera pachitseko chotsegulacho. Apo m'pamene anazindikira komwe masabata onsewa anapita: nsonga inkabwerera iye ali kotsuka pampu, ndipo mkwiyo umene anaumva sunali wokwiyira munthu wina aliyense koma iye mwini.

Amuna ake anabwerera akupukuta manja pathalauzi. "Pepani, amayi ake mwana, ndikudziwa kuti yapita yosatsuka, koma..."

"Thamangani," ananong'ona, misozi ikutsikira pamutu pa mwana. "Kawabwezeni. Auzeni andisiyire lero lokha."

Bamboyo anatuluka wopanda nsapato. Kunja kunamveka galimoto ikulira, ikukhota pakona, kenako zii. Atalowanso akupuma wefuwefu, anaima pakhomo chimanjamanja.

"Musayankhule," anatero Mayi Mzere. "Musakhale pabedi, mungaligwedeze. Akasiya, sindikudziwa kuti ndimuyambitsanso ndi chiyani."