Hita ya Haswell ndi Mapazi a Apongozi

Ukakwera kutsogolo kwa vaneti ya Haswell Mtonga, usanakhazikike n'komwe, ankayamba wakufunsa za mapazi. "Mapazi yali bwanji uko? Mukamvela chilichonse mukambe, osakhala zii." Mukayenda pang'ono, afunsanso. Alendo ankayesa kuti mutu wake sukuyenda bwino, ena ankasuzumira pansi kuopa kuti muli njoka. Ife a ku Magodi tinazolowera, tinkangomuyankha kuti mapazi ali bwino, akupereka moni.

Ine ndine Linah, msuweni wake, choncho ufulu womunena ndili nawo. Haswell anakhala zaka zingapo ku Chipata akuthandiza madalaivala a malole onyamula fodya, ndipo mu 1992 anabwera kumudzi ndi kavaneti kokalamba kobiriwira. Chitseko chakumanja ankamanga ndi chingwe. Pogona ankakaimika pamtsetse wa chulu kuti m'mawa kalire kopanda kukankha. Komabe kavanetiko n'kamene kankanyamula chimanga chathu, mbuzi, odwala, akwati ndi maliro omwe kuchokera ku Magodi kupita ku boma la Lundazi.

M'galimoto yonseyo chinthu chimodzi chokha n'chimene chinkagwira ntchito monga anachipangira, ndicho hita. Amene anakhalako kwathu mu Juni ndi Julayi akudziwa mphepo ya m'mawa imene imaumitsa zala. Haswell akakoka kachitsulo kake, mpweya wofunda unkatuluka kumapazi, iye n'kumwetulira ngati moto waupanga yekha. "Kutsogolo kuli mbaula," ankatero pamsika. Matayala akhale osalala ngati chipumi, iye analibe nazo ntchito, bola hita.

Mu Juni wa 1994 kapaipi ka hitayo kanang'ambika ndi dzimbiri. Kapaipi kameneka kamakhala mkati, pamwamba pa mapazi a munthu wokhala kumanzere, ndipo m'menemo mumadutsa madzi otentha ochokera mu injini. Haswell anakaonetsa kwa Jethro, makaniko wa pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika. Jethro anasuzumira kamodzi kokha.

"Ichi chinafa, mudala. Chotsa mahosi yabili aya ku hita, uyalumikize na kachidutswa ka paipi kuno ku injini. Manzi yazizungulukila kunja. Hita uiiwale."

Haswell anaseka. Kuiwala hita? Anabwerera kwawo, ndipo Lamlungu atachoka kutchalitchi anagona chagada pansi pa mpando, miyendo ili panja. Anamata mng'aluwo ndi sopo wochapira, anakulunga malegeni odula ku chubu cha njinga, pamwamba n'kumanga ndi waya wa msampha wa mbewa. Atatuluka anatiuza kuti Jethro ndi waulesi. Koma mwini wake ankadziwa kuti hita ikakhala yotseka malegeniwo amakhala ouma, akaitsegula amayamba thukuta. Anayala thumba la chiguduli pansipo, ndipo aliyense wokwera ankamuuza kuti mapazi awapendekere kuchitseko. Amati wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu, koma nkhwangwa ya msuweni wangayu inagwera pa munthu wina.

Munthu winayo anali apongozi ake, a Nyazimba, mayi wa mkazi wake Faides. Anali amasiye, mayi wa Umanyano, gulu la azimayi a mpingo, wosajomba kutchalitchi, komanso wogwira mwambo ndi manja awiri. Chikwatirire mwana wawo, Haswell anali asanamvepo mawu awo akulunjika kwa iye. Akakumana panjira, iwo ankapatukira m'udzu n'kugwada atafulatira, iyenso n'kunjuta kuyang'ana kwina, kuwombana m'manja basi. Uthenga wonse unkadzera mwa Faides. Haswell ankawaopa, komanso ankawakonda, chifukwa pamene abale ena ankamunena kuti ndi woyendayenda wopanda munda, iwo sanalankhulepo choipa.

Mwezi wa Julayi Faides anali kuchipatala cha ku boma kudikira mwana. Mimba ziwiri zoyamba zinapita padera, choncho tonse mitima inali m'mwamba. Ine ndinkagulitsa mtedza pamsika ndipo ndinkamudikirira, koma matenda atayandikira iye anati akufuna amayi ake. Haswell anadzuka m'mamawa kukawatenga.

Kumbuyo kwa vaneti kunali kodzaza mbuzi za wamalonda wina amene anatsogola pa njinga. Mayi wamkulu, wachifuwa, sungamukhazike pakati pa mbuzi pa mphepo ngati imeneyo. Panalibe kuchitira mwina, a Nyazimba anakwera kutsogolo. Haswell anaika chigubu cha madzi pakati pa mpando kuti chikhale ngati khoma. Iwo anadziphimba chitenje kumutu n'kutembenukira kuwindo. Asanakwere anavula nsapato zawo zoyera za Umanyano kuti asadetse galimoto ya mkamwini, anazilowetsa pansi pa mpando. Thumba la chiguduli lija analiona ngati laikidwa mwangozi, analipinda bwinobwino n'kuliika pambali.

Zonsezi Haswell anaziona ndi m'mbali mwa diso. Mawu amene ankauza aliyense anafika pakhosi n'kuima. Mkamwini angatchule bwanji miyendo ya apongozi? Anatsokomola, anatsokomolanso, n'kuliza galimoto. Atayenda pang'ono anamva iwo akutsokomola chifuwa chenicheni, mano akugundana. Apa ndi pamene ankati akafika pofotokoza ankagwira kumutu. Anaganiza kuti atsegule pang'ono chabe, mayi afundidwe, aonenso kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu. Anakoka kachitsulo kaja.

Msewu wa ku Magodi nthawi imeneyo unali wa mabampu okhaokha. Penapake malegeni anasuntha. Haswell anaona galasi likuchita nkhungu, anamvanso kafungo ka madzi a dzimbiri. Mtima unamuuza, koma anaukana, nati ndi mmene hita imachitira kukazizira. Anamva a Nyazimba akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi, mawu akunjenjemera, iye nati akupempherera Faides. Kutembenuka sakanatha, kufunsa sakanatha. Anangoponda mafuta kuti afike msanga. Iwonso kumbali kwawo madzi owira ankawagwera pamapazi, koma kukuwa pamaso pa mkamwini, kapena kukweza miyendo pampando iye ali pomwepo, kwa iwo chinali chinthu chosatheka.

Atafika pachipata cha chipatala injini inali ikufuka. Haswell anatsika n'kukaima poteropo atafulatira, kudikira kuti apongozi atsike mwaulemu. Sanatsike. Ine ndinatuluka ndikuthamanga ndi nkhani yabwino yakuti Faides wachira, kwabadwa mwana wamkazi. Nditatsegula chitseko nkhaniyo inandithawa pakamwa. Pansi panali thamanda la madzi ofiirira akutuluka nthunzi. Mapazi awo ndisawafotokoze, khungu linali litayamba kusendeka.

"Amama! N'chiyani ichi?"

Anandigwira dzanja mwamphamvu, nkhope ili thukuta lokhalokha. "Ninazitayila manzi ya pamoto kunyumba m'mawa. Wamvela, Linah? Kunyumba." Anandiyang'ana mpaka ndinagwedeza mutu. Kenako anafunsa za mwana wawo.

Anamwino anauzidwa zomwezo, Faides anauzidwanso zomwezo. Mayi amene anabwera kudzasambitsa mdzukulu wake woyamba anagonekedwa chipinda china, mapazi ali m'mabandeji, ndipo khandalo analiona nditabwera nalo ine m'manja. Faides ankalira n'kumati amayi akalamba, asamakhalenso okha pamoto. Haswell ankamva zimenezi ataimirira pakhomo, chipewa chili m'manja.

Tsiku lomwelo masana ndinamupeza kwa Jethro. Sanapemphe thandizo. Anadula kachidutswa ka pampu yakale ya njinga, anachotsa mahosi awiri aja ku hita, anawalumikiza n'kumanga zolimba. Ntchito yonse inatha Jethro asanamalize kudya chinangwa chake. Haswell anakhala pansi m'fumbi n'kumayang'ana kachidutswako. Ine ndinabwera ndi mawu ambiri oti ndimulalatire, ndipo ndinali nawo okwanira, koma nditaona nkhope yake ndinangomupatsa madzi akumwa.

"Nizamuuza Faides," anatero.

"Ukamuuza chani? Kuti amai ake ni abodza?"

Pamenepo ndi pamene panali msampha. Kuulula kunali kutsutsa apongozi pamaso pa mwana wawo. Kukhala chete kunali kulola kuti mayiyo azitchedwa wosasamala pa mlandu wa iye. Mwambo womwe unamutseka pakamwa m'galimoto unamutsekanso kachiwiri. Anasankha kukhala chete, ndipo kukhala chete kumeneko kunamudya. Anaonda. Munthu amene ankasokosa pamsika anayamba kuyankha ndi mutu.

A Nyazimba anatuluka m'chipatala mvula ili pafupi. Zala za phazi lamanja zinapola zitamatirirana, ndipo ankayenda pang'onopang'ono ndi ndodo. Kumunda kunali kosatheka. Haswell, amene chibadwire khasu ankaliona ngati mdani, anagalauza munda wawo wonse yekha, anabzala chimanga ndi mtedza, anapalira. Nkhuni ankatula pakhomo pawo iwo asanadzuke. Anthu ankamutama kuti mkamwini wotere sapezeka, ndipo akamva zimenezo ankachoka pagulu. Kwa ine ankati kutamidwako kumamuwawa kuposa kutukwanidwa.

Zinatha tsiku lina la Meyi chaka chotsatira, tikusenda mtedza pakhonde pa a Nyazimba. Ndinalipo ine ndi Faides, ndipo agogo anali atanyamula mwana uja, Tryphena, pamiyendo. Haswell anafika ndi mtolo wa nkhuni, anautula, n'kukanjuta patali monga mwa nthawi zonse. A Nyazimba anamuimiritsa mwanayo, anamuyang'ana m'maso, n'kuyamba kulankhula naye mokweza. Kwathu apongozi akafuna kuti mkamwini amve, amauza mwana, ngakhale mwanayo akhale wosadziwa kulankhula.

"Tryphena, ukawauze adada ako aleke kuyenda monga munthu wakuba mbuzi. Mapazi ni yanga. Uwauze kuti kuchokela pamene anafa agogo ako aamuna, kulibe munthu anaganizako kuti nane nimamvela mphepo. Ni iwo chabe ananiyashila moto."

Ine ndinaleka kusenda. Haswell anayamba kukanda pansi ndi kamtengo. Akanatha kuwomba m'manja n'kuthokoza, nkhani n'kuthera pomwepo, iye n'kutuluka woyera. Koma anakweza mutu n'kuyang'ana mwanayo.

"Tryphena, uwauze agogo kuti yayi, si mwamene zinalili. Ninali kudziwa kuti malegeni yaja siyangalimbe. Jethro ananiuza, ine n'nakana chifukwa cha matama. Aliyense n'nali kumuchenjeza, koma iwo sin'nawauze. Nthunzi n'naiona, sin'naimilile." Anapukuta kumaso ndi chipewa. "Uwauzenso amai ako. Sizinachitike kunyumba."

Ndinayang'ana Faides ndikuyembekeza kulira kapena kukalipa. Iye anasansa makoko a mtedza pachitenje, anadzuka, analowa m'nyumba mwa amayi ake. Anatuluka atanyamula nsapato zoyera zija za Umanyano, zili ndi mabala ofiirira mpaka m'zingwe. Anazikhazika pansi pakati pa mwamuna wake ndi amayi ake, n'kumutenga mwana.

"Naiwe Tryphena, uwauze onse abili kuti nsapato izi n'nazipeza pansi pa mpando tsiku lamene tinachoka ku chipatala. Nakhala nilindila kuti wina akambe. Uwauze kuti nachapa, nachapanso, dzimbili sichoka."

Tryphena anagwira chingwe cha nsapato n'kuyamba kuchiluma, ndipo agogo ake anamulanda pang'onopang'ono.

Ndinganame nditati kuyambira tsiku limenelo Haswell anapepukidwa. Faides anamukhululukira patapita nthawi, a Nyazimba anali atamukhululukira kalekale, koma phazi silinabwerere mwakale. Nsapato zija sanazivalenso, sizinkalowa. Tsiku la Umanyano lililonse Haswell ankasiya katundu wa anthu n'kukawatenga pa vaneti. Ankakhala kutsogolo atafunda bulangeti limene iye anawagulira, atavala bulauzi yoyera ndi duku loyera, kumapazi kuli mapatapata odula zingwe. Pamalo pa chigubu pankakhala Tryphena. Azimayi anzawo akamalowa m'tchalitchi pamzere akuimba, iwo ankatsalira kumbuyo ndi ndodo yawo, ndipo Haswell ankakhala m'galimoto kuwayang'ana mpaka alowe.

A Nyazimba anamwalira mu 1998, ndipo vaneti yomweyo ndi imene inanyamula bokosi lawo. Pobwera kumanda ndinakhala kutsogolo ndine. Tinayenda mphepo ikulowa pa chitseko chomanga ndi chingwe chija. Titafika pa mabampu ndinamva akukonza pakhosi.

"Linah, mapazi yali bwanji uko?"

Tsiku limenelo sindinamuseke. Ndinamuuza kuti akuzizira, iye anagwedeza mutu n'kupitiriza kuyendetsa.