Kachingwe Kosabwerera M'mbuyo

Analipo tsiku limenelo ndi awa: amayi, aphunzitsi anga a Sitandade 3, mlonda wa mathiraki, anyamata osintha ndalama, madalaivala otopa ndi kudikira pa malire, ndi amayi ena ogulitsa mandasi amene lero amandipatsa moni ku tchalitchi ngati sanatolepo mwala. Amalume anafika mochedwa. Ine ndinalipo pakatikati penipeni, nditakhala m'fumbi, manja ali kumbuyo. Ndipo kanalipo kachingwe ka pulasitiki, kakuda, kopyapyala ngati tsekera, kamene amalume ankamangira mawaya a magalimoto.

Inu amene simukadziwa, mvetserani. Kachingweko kali ndi mutu ndi mchira. Umalowetsa mchira m'kabowo ka pamutu n'kukoka, ndiye kamalira kuti tcherere, timano take tikuluma. Kamapita kutsogolo kokha. Kubwerera ayi. Amalume ankati makebotayi, dzina limene anamva kwa madalaivala a ku Joni amene ankawabweretsera m'timapaketi. Ine sukulu sindinapite nayo patali, zolemba zanga n'zokhotakhota, koma za kachingwe kameneka palibe profesa angandiphunzitse. Ndinakaphunzira ndi mnofu wanga.

Zinali zaka zoyamba za matipate. Nkhondo ya ku Mozambiki inali itatha, msewu wa ku Tete utatseguka, ndipo mathiraki ankandanda pa malire a Mwanza mpaka diso kutopa. Aliyense ankakamba za ufulu. Ena anamva bwino. Ena anamva kuti ufulu ndi kugwira munthu, kumuweruza ndi kumumaliza dzuwa lisanapendeke.

Bambo anali atamwalira, tsono amene ankathandiza amayi kundilera ndi amalume, mlongo wawo wa amayi. Ndinene mokweza: kuchokera ku Zobue mpaka ku Blantyre kunalibe munthu wodziwa mawaya a thiraki kuposa amalume anga. Anali ndi kashedi ka malata akale kuseri kwa mzere wa mathiraki. Ndikaweruka kusukulu ndinkathamangira kumeneko, n'kukwawira nawo pansi pa thiraki. Ankasonkhanitsa mawaya ngati mtolo wa nsenjere, kuwadutsitsa kutali ndi paipi ya utsi, n'kumanga kachingwe pa chikhatho chilichonse. "Waya wolendewera ndi moto," ankatero. Ndikakoka kwambiri ankandimenya ndi sipanala pa chala. "Usamange ngati ukumanga mbuzi, iwe. Siya waya apume." Nyengo imeneyo ndinali nditayamba kumanga ndekha, n'kudula michira bwinobwino osasiya kansonga kocheka munthu. Madalaivala ankanditcha injiniya wamng'ono. Ndinkayenda ngati malire onse ndi anga.

Mawaya akale amene tinkachotsa, eni ake ankatisiyira. Ntchito yanga inali kuwawotcha kuseri kwa shedi kuti pulasitiki ichoke, patsale kopa woti amalume akagulitse. Tinkachita zimenezi poyera, aliyense akuona. Koma chaka chimenecho kunabuka akuba odula mawaya a batire pa mathiraki oima. Dalaivala akati alize galimoto, zii. Mkwiyo unali utadzaza pa malire ngati madzi m'chidebe, kungodikira woti agwedeze.

Inali nthawi ya manachesi. Kunja kunkazizira, milomo kuchita ming'alu, ndipo msika wonse unkanunkhira makoko. Amayi ankagulitsa manachesi uko kumsika, ku shedi sankafikako. Amalume anali atapita kumapeto kwa mzere kukamaliza thiraki ina imene tinaichotsa mawaya dzulo lake. Ine ndinasonkha moto, n'kuponyapo mawaya a thiraki yomweyo. Utsi wake umakhala wakuda bii, wonunkha, wokwera molunjika. Ndi umene unaitana mlonda.

Sanandifunse kanthu. Anangokuwa kuti, "Ndamupeza! Wakuba uja ndi uyu!" Khofi loyamba linanditseka khutu. Lachiwiri linandigwetsera pa moto, bondo n'kupsa. Anandikoka mwendo umodzi, mutu ukugunda miyala, mpaka pa mtengo wachitsulo umene unali m'mbali mwa msewu. Anthu anatuluka sindikudziwa kuti. Wina analowa m'shedi kufuna chingwe, n'kupeza paketi ya amalume pa benchi. Anandipinda manja kumbuyo kwa mtengowo, n'kumanga. Tcherere.

Ndinakuwa kuti mawayawo ndi akale, ndi a amalume, kafunseni. Mawu ndinali nawo kuyambira ndili mwana, koma tsiku limenelo anamira. Gulu la anthu lilibe makutu. Lili ndi mapazi ndi manja basi.

Anandimenya ndi lamba wa injini. Anandiponda m'nthiti ndi nsapato za jombo. Mwala unanding'amba pamwamba pa diso, magazi n'kutsikira m'kamwa, amchere, osakanikirana ndi fumbi. Koma zonsezo n'zochepa. Chimene chinandipweteka ndi masewera amene anatulukira. Wina anaona kuti mchira wa kachingwe ukakokedwa umalira, ndiye aliyense ankafuna kumva yekha. Ankabwera kumbuyo kwanga, kukoka pang'ono, tcherere, anzake n'kuseka. Pulasitiki inalowa m'khungu. Manja anayamba kutentha, kenako kulemera, kenako kukhala ngati a munthu wina.

Aphunzitsi ankadutsa pa njinga. Anatsika n'kunena kuti, "Abale, uyu ndi mwana wa sukulu, ndimamudziwa." Wosintha ndalama wina anawagwetsera chipewa pansi. "Ndinu mumawaphunzitsa kuba eti?" Aphunzitsi anatola chipewa, n'kukwera njinga. Ndinawatukwana mumtima. Sindinadziwe kuti akupalasa kukaitana amalume. Mulungu awasunge kumene ali.

Kenako ndinaona tayala likugubuduzidwa. Kumbuyo kwake mnyamata atanyamula botolo la palafini. Apo ndinasiya kukuwa. Ndinadzikodzera, ndipo sindichita manyazi kunena, chifukwa inu amene mukuseka simunaonepo tayala likubwera kwa inu.

Ndi pamene amayi anatulukira. Anali ndi dengu pamutu, ndipo analitaya, manachesi n'kumwazika pansi pa mapazi a anthu. Anang'amba gululo ndi zigongono. Anagwada kumbuyo kwanga, ndipo ndinamva fungo la makoko a manachesi m'manja mwawo, ndi mpweya wawo pa khosi langa. Mtima unakhala pansi. Ndinati ndapulumuka.

Tcherere.

Ndinalira ngati nkhumba. Anakokanso. Ataona kuti zala zawo zikuterereka ndi magazi, anauluma mchirawo ndi mano n'kukoka ndi mutu wonse. Ndinamva chinachake chikuduka m'dzanja lamanzere, ngati ulusi. Wosintha ndalama uja anawomba m'manja. "Mwaona? Ndi mayi ake omwe atopa naye! Mangitsani, mayi!" Gulu lonse linaseka. Kenako anawakoka chitenje n'kuwaponyera uko, tayala n'kufika.

Amalume sanabwere akuyenda. Anabwera akuuluka, sipanala yaikulu ili m'manja. Munthu amene ananyamula tayala pamwamba pa mutu wanga anailandira pa mkono, ndipo fupa linalira ngati nkhuni youma. Wa palafini anathawa. Koma anthu anali ambiri. Anawagwetsa amalume, kuwaponda kumaso, kuwamenya ndi njerwa, mpaka mano akutsogolo anatsala m'fumbi. Ankadzuka, n'kuwagwetsanso. Ankadzukanso.

Amene anatipulumutsa ndi mwini thiraki ija, dalaivala wa ku Zimbabwe, chimunthu chachikulu, amene anawatsatira amalume akupuma wefuwefu. Analowa kuseri kwa shedi, n'kutulutsa pa moto mawaya opsa theka, kumapeto kwake kukulendewera kapulagi ka magetsi a kumbuyo. Anawakweza m'mwamba n'kubangula m'Chichewa chake chothyokathyoka kuti ndi ake, anawapereka yekha, amene akutsutsa abwere. Palibe anabwera. Anthu anayamba kuyang'ana pansi, wina kukumbukira kuti wasiya mandasi pa moto, wina kuti kasitomala akumudikira. Posakhalitsa pa msewu panatsala ife, tayala, ndi manachesi opondedwa.

Amalume anakwawa mpaka kumbuyo kwanga. Amayi anali atatulutsa mpeni. Amalume anawakankha. "Mumudula mtsempha, achemwali." Kachingwe kanali katamira m'mnofu, osaonekanso. Anatulutsa kapulaya m'thumba la ovolosi, kufufuza mutu wa kachingwe, pokhapo pamene pamatsala kampata, n'kudula. Magazi atayamba kubwerera m'manja, ndinakomoka. Ululu umenewo unaposa lamba, jombo ndi mwala kuphatikiza pamodzi.

Ku chipatala cha pa boma anandisoka. Dzanja lamanja linachira. Lamanzere zala ziwiri zinapindika, ndipo mpaka lero zili choncho, sizimva moto, sizimva madzi. Uinjiniya unathera pomwepo, chifukwa pansi pa thiraki pamafuna zala khumi. Ndinasiya sukulu, n'kukhala woitanira minibasi pa boma. Funsani aliyense wa ku Mwanza za munthu amene akaitana kuti Blantyre, a ku Thambani amatembenuka. Ndine. Ndamanga nyumba ya malata ndi pakamwa pokha, ndaphunzitsa ana, ndili ndi zidzukulu. Palibe anandipatsa.

Koma nyengo ya manachesi imeneyo sindinadye chilichonse chochokera m'manja mwa amayi. Ndinasamukira kwa amalume. Amayi ankabwera madzulo aliwonse, kukhala pa khomo, kusenda nachesi, kuliika pa mbale pafupi nane. Ine ndinkatembenukira kukhoma. Amalume ndi pakamwa pawo pophwanyika ankati, "Iwe, ndi mayi ako awa." Iwo sanaone. Anafika zitachitika. Ine ndinamva ndi makutu anga, ndinamva ndi dzanja langa. Mlonda ndinamukhululukira, wa tayala ndinamukhululukira, anali anthu wamba. Koma mayi wobala, kuti aonetse gulu kuti iye si mnzake wa wakuba, n'kuluma ndi mano? Ayi.

Manachesi atatha, amayi anabwerera kumudzi ku Thambani, ndipo ali komweko, akalamba kwambiri. Musaganize kuti ndine mwana woipa. Shuga ndimatumiza, sopo ndimatumiza, malata a nyumba yawo ndinagula ndine. Ana anga ankapita kukakhala nawo pa tchuthi. Koma ine kukhala pa mphasa yawo, ayi. Ndikapita ku maliro ndimawapatsa moni nditaimirira. Sindinawafunsepo, iwonso sananenepo. Mwamuna safunsa chinthu chimene anachimva yekha.

Mwana wanga woyamba amaika masola ndi madishi a kanema m'nyumba za anthu. Mwezi wathawu anabwera kudzandiona, ndipo potulutsa foni m'thumba, tizingwe tija tinagwera pa simenti. Ndinabangula kuti atulutse zinthu zimenezo m'nyumba mwanga, mpaka nkhuku zinathawa pa khonde. Anatola, n'kukhalanso pansi, n'kufunsa kuti chavuta n'chiyani. Anali asanamvepo, ankaganiza kuti zala zanga ndi ngozi ya ku shedi. Ndinamuuza zonse monga ndalembera apa, osasiya ndi limodzi lomwe.

Anatembenuza kachingwe kamodzi m'zala. Kenako anati:

"Ababa, munaonapo mmene agogo amamangira thumba la chimanga? Mfundo yawo ija, ukangokoka nsonga imamasuka yokha. Ine anandiphunzitsa ndili mwana. Kachingwe aka anali asanakagwirepo. Ankakumasulani, ababa. Ndipo nthawi zonse ndikapita ku Thambani amandikokera pambali n'kundifunsa kuti, kodi bambo ako ndinawalakwira chiyani?"