Tsiku Limene Radivoje Anauma pa Kompyuta

Radivoje Cvetković ndinamudziwa tili ku pulayimale kuno ku Leskovac. Ankakhala pa benchi ya kumbuyo kwanga, ndipo ntchito yake inali kusuzumira m'kope langa. Bambo ake ankayendetsa basi, mayi ake a Desanka ankagulitsa tchizi kumsika, anthu ofatsa osadziwa kudzitama. Mwana wawoyo ndiye anabadwa ndi pakamwa pothamanga kuposa mutu.

Atakula anapita kukagwira ntchito yoperekera zakudya pa sitima zapanyanja zonyamula alendo. Anakhalako zaka ziwiri zokha, koma pobwera anali atasintha dzina. Ankati tizimutcha Ricky. Akamalankhula chilankhulo chathu ankachita ngati mawu ena amuthawa, n'kuyamba kuliza zala kuti wina amukumbutse. Chonsecho kusitimako ankangofunsa nkhalamba za ku America ngati zikufuna nsomba kapena nkhuku.

Anayesa kugulitsa mafoni, zinakanika. Anatsegula malo omwera khofi, khofiyo ankamwa yekha. Kenako anayamba kuphunzitsa ana a ku China Chingerezi pa intaneti, atavala chipewa cha makutu a mbewa, n'kumaomba m'manja mwana akatchula mawu amodzi. Ntchitoyo itatha anavula chipewacho, anamanga tayi, n'kulengeza kuti tsopano ndi katswiri wa Chingerezi cha bizinesi.

Ine ndimagwira ntchito mu ofesi ya zamalonda pa fakitale ina yowotcha tsabola ndi kupanga ajvar, msuzi wokhuthala wa tsabola wowotchayo, umene timathira m'mabotolo n'kutumiza kunja. Abwana athu, a Zlatković, ndi munthu wodziwa tsabola kuposa wina aliyense, koma akangoona chinthu chothwanima pa kompyuta nzeru zimawathawa. Radivoje anawapeza ku ukwati wina, anawaonetsa zithunzi zoyenda pa foni, ndipo Lolemba lotsatira tinauzidwa kuti tayamba sukulu. Ophunzira tinali atatu: abwanawo, ine, ndi Gradimir woyang'anira malole.

Kwa Radivoje ndi kutsidya kwa mtsinje chabe, ulendo wa mphindi khumi pansi. Koma anakaniratu kubwera ku fakitale.

"Ljubinka, choko ndi bolodi zinapita ndi agogo ako," anandiuza choncho pa foni. "Masiku ano dziko lonse limaphunzira pa intaneti."

"Rade, ndikatulutsa mutu pawindo ndimaona denga la kwanu."

"Ndati Ricky."

"Kwa amayi ako ndiwe Rade, kwa inenso ndiwe Rade."

Motero Lachiwiri ndi Lachinayi lililonse tinkapanikizana kutsogolo kwa kompyuta ya abwana. Nkhope ya Radivoje inkatulukira, kumbuyo kwake kuli chithunzi cha mzinda wa London, mtsinje waukulu ndi nyumba zagalasi, ngati ali mu ofesi yapamwamba. Chikhalirecho anali m'khitchini ya mayi ake. Nthawi zina mkono wa mayiwo unkatulukira pakati pa mtsinjewo utanyamula kapu ya khofi, mawu n'kumveka: "Imwa mwanawe, wazizira uyu!"

Zida zinalipo zambirimbiri. Panali masewera a mafunso pa foni, woyankha msanga ankalandira nyenyezi. Panali timakanema ta anthu a mano oyera akugwirana chanza. Panali pulogalamu ina imene inkatimvetsera tikamalankhula n'kutipatsa malikisi, ndipo Gradimir anatulukira kuti akangotsokomola mwamphamvu imamupatsa makumi asanu ndi atatu pa zana. Abwana anapambana nyenyezi zambiri moti anayamba kuzionetsa kwa anzawo kumowa.

Zoti tizinena kwa wogula ndiye panalibe. Ine ndinapempha kuti atiphunzitse mawu a ntchito yathu: chivindikiro, kuchucha, nkhungu, kuchedwa kwa katundu pachipata cha dziko. Iye anati zimenezo n'zazing'ono, makina amamasulira okha. Chofunika n'kulankhula ngati mkulu wa kampani. Anatiuza kuti tiloweze pamtima mwambi wina wa Angerezi wakuti munthu wanzeru aziganiza ali kunja kwa bokosi.

"Bokosi liti?" anafunsa Gradimir. "Ife ntchito yathu n'kulongedza m'mabokosi. Ukaganiza uli kunja kwake mabotolo amasweka."

"Achimwene, n'chifukwa chake mudzafera pa malole," anayankha Radivoje.

Tinaphunzira chotero miyezi isanu. Ndiye mwezi wa Novembala kunabwera kalata yochokera kwa mayi wina wa ku Glasgow, mzinda wa ku Scotland, Mayi Kerr, amene ankagula ajvar wathu wambiri. Mabotolo ena anafika akuchucha, ndipo mayiyo ankafuna tikambirane pa kanema. Abwana sanade nkhawa ngakhale pang'ono. Anaimbira Radivoje kuti adzakhale wotimasulira.

Apo ndiye matenda anayamba. Poyamba anati ali ndi chimfine. Kenako anati mphunzitsi wabwino salowerera, amasiya ophunzira awuluke okha. Abwana atakweza mawu, anavomera, koma anati alumikizana nafe ali kunyumba.

Tsikulo litafika, kompyuta inaonetsa mawindo atatu: ife, Radivoje ndi London wake, ndi Mayi Kerr, mayi wonenepa watsitsi lofiira atakhala m'nyumba yosungira katundu, botolo lathu lili m'manja. Radivoje anayamba bwino. Anapereka moni wautali woloweza, anayamikira nyengo, anatchula mgwirizano ndi masomphenya. Mayiyo anadikira amalize, n'kutsegula pakamwa.

Anthuni, Chingerezi cha ku Glasgow sichili pa foni ya munthu aliyense. Mawu ankatuluka ngati miyala ikukhuthulidwa m'lole. Radivoje anayatsa msanga makina olemba zimene munthu akunena, ndipo pansi pa kanema panayamba kuoneka mawu. Ine ndinawerenga zimene ndikanatha: makinawo ankati mayiyo akunena za abakha, za tchalitchi, ndi za munthu wina dzina lake Leonard.

"Akuti chiyani?" anafunsa abwana.

"Akuti... akuyamikira kwambiri," anatero Radivoje.

Mayi woyamikirayo anali atatembenuza botolo, mafuta ofiira akudontha pa tebulo. Anafunsanso funso lomwelo, mokweza. Abwana anayang'ana Radivoje. Radivoje anayang'ana kutsogolo, pakamwa pali potsegula pang'ono, dzanja lili m'mwamba, ndipo sanasunthenso. Anauma gwa.

"Intaneti yaduka," anatero abwana mokhumudwa.

"Bwana," anatero Gradimir, "intaneti ikaduka utsi umayenda?"

Tinayang'anitsitsa. Ndudu imene Radivoje anaisiya pambali inkafuka bwinobwino, utsi ukukwera pamwamba pa nyumba za London. Munthu wamkulu wa zaka makumi anayi, tayi pakhosi, ankanamizira kuti ndi chithunzi. Misozi inayamba kulengeza m'maso chifukwa chosaphethira. Kenako mayi ake anatulukira theka, phewa ndi mutu zokha, n'kumugwedeza.

"Rade! Wakomoka kodi? Ndinakuuza kuti udye kaye!"

Mayi Kerr anaseka mpaka kugwira pamimba. Windo la Radivoje linazima, ulendo uno zenizeni.

Tinatsala tokha. Ine manyazi anali atandigwira mpaka m'makutu, koma katundu ndi wathu. Ndinathamangira kosungira katundu, ndinatenga mabotolo awiri, lakale ndi latsopano. Ndi Chingerezi changa chothyokathyoka cha kusekondale ndinapempha mayiyo alankhule pang'onopang'ono ngati akulankhula ndi mwana. Anavomera. Iye ankaloza, ife tinkaloza. Gradimir anabweretsa chivindikiro pafupi ndi kamera n'kuonetsa ndi chala pamene mphira wake unali wopyapyala. Zinapezeka kuti zivindikiro zatsopano zimene tinagula m'chilimwe ndizo zinali zolakwika. Tinagwirizana kuti titumiza katundu wina ndi zivindikiro zakale. Zonsezi zinatenga ola limodzi ndi theka, ndipo mawu amene tinagwiritsa ntchito sanapitirire makumi atatu.

Abwana anamuchotsa Radivoje sabata yomweyo, ngakhale zinawapweteka kusiya nyenyezi zawo. Tsopano timaphunzira ndi mayi wina wopuma pantchito amene amabwera ndi basi. Nayenso amagwiritsa ntchito intaneti: amatiimbitsa foni kwa ogula enieni, amatisewerera mawu a anthu a ku Scotland ndi ku Ireland mpaka makutu atazolowera, ndipo makalata athu amawakonza tikuona.

Radivoje sanafe ndi manyazi, anthu otere safa nawo. Anasamukira ku mzinda wa Niš, kumene akuphunzitsa aphunzitsi anzake mmene angaphunzitsire Chingerezi cha bizinesi pa intaneti. Ndamva kuti amadzaza holo. Mwezi wathawu mwana wa mchemwali wanga anandionetsa tsamba la Radivoje la pa intaneti. Pamwamba penipeni pali chithunzi cha ine, abwana ndi Gradimir titapanikizana pa kompyuta, ndipo pansi pake analemba kuti ophunzira ake anapulumutsa malonda a ku Britain paokha, popanda womasulira.

Ndinamuimbira foni kuti achotse nkhope yanga. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anafunsa modekha:

"Koma Ljubinka, pamenepo bodza lili pati?"